Mbale Zakale Zoimba Nyimbo: Yang'anani Musanaike Singano

Amene mwangoweruka kumene ku chigafa, manja akadali ndi utomoni wa fodya, sambani mukhale pansi mupumule. Agogo athu, lero musatalikire wailesi, chifukwa nkhani ya leroyi eni ake ndinu.

Tikamba za mbale zoimba nyimbo, mbale zakuda zija za galamafoni ndi gumbagumba. M'nyumba zambiri muno m'Kasungu zikadalimo, zina pansi pa thiranki, zina pamwamba pa kabati, zina ana akuseweretsa pabwalo. Tiyamba ndi njira imene mbalezi zinadzera pofika kuno. Tikachoka apo tiwoloka nyanja tikaone zimene zinachitikira mbale za nyimbo za blues ku America, popeza nkhani yawo ikufanana ndi yathu. Kenaka tikhalitsa pa ntchito yeniyeni, ya kayang'anidwe ka mbale kuti mudziwe ngati ili bwino kapena yatha. Koma mfundo yanga ndi imodzi, ndipo muimva kangapo: mbale yakale musaitaye, ndipo musailize musanaiyang'ane.

Akuluakulu mukukumbukira momwe munthu ankabwerera kuchokera ku Joni kapena ku Halale. Ankatsika ndi njinga, bulangete lolemera, suti, mwina makina osokera, ndipo amene zinamuyendera ankanyamulanso galamafoni yopukusa pamanja. Madzulo mudzi wonse unkasonkhana pakhomo pake. Anthu a kuno anayamba kalekale kuyenda ulendo wa kummwera. Ngakhale Kamuzu Banda, mwana wa kuno ku Kasungu, anauyenda ali mnyamata. Ambiri anapita kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela kukagwira ntchito m'migodi, mpaka ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha a Malawi ochuluka obwerera kwawo, boma linaimitsa ulendowo kwa zaka zingapo.

Mbale zimene ankabwera nazo zambiri zinali za kampani ya Gallo ya ku Johannesburg, imene Eric Gallo anayambitsa mu 1926. Mbali imodzi inkatenga nyimbo imodzi yokha, ya mphindi zitatu, kenaka n'kutembenuza. M'masiku a Nyasaland mbale sizinkaumbidwa kuno. Woimba wathu ankayenera kupita kunja, kapena kudikira ojambula mawu oyendayenda monga Hugh Tracey, amene anazungulira dziko lino ndi makina ake mu 1950, nabweranso kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Zimene iye anajambula zikusungidwa ku International Library of African Music, nkhokwe ya nyimbo imene anayambitsa mu 1954, yomwe lero ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Pambuyo pake, maesiteti a fodya atachuluka m'zaka za m'ma 1970, kunabwera gumbagumba woyendera mabatire ndi timbale tating'ono ta simanjemanje, kanindo, rumba ndi Jim Reeves. Makaseti atafika, mbale zonsezi zinalowa m'thiranki, ndipo zambiri sizinatulukenso.

Tsopano tiyeni ku America pang'ono.

Blues ndi nyimbo za anthu akuda a kummwera kwa dzikolo, zidzukulu za akapolo, ambiri mwa iwo olima thonje m'minda ya eni malo n'kumagawana nawo zokolola. Amene munakhalapo matenanti pa esiteti mukuudziwa moyo umenewo, wolima chaka chonse n'kutsala ndi ngongole. Mu 1920 mayi wina woimba, Mamie Smith, anatulutsa mbale imene inagulidwa kwambiri, ndipo makampani anazindikira kuti anthu akuda nawonso amagula mbale. Imodzi mwa makampaniwo inali Paramount, ya ku Wisconsin. Inajambula akatswiri ngati Charley Patton, Son House ndi Skip James, koma inkaumba mbale zake ndi zipangizo zotchipa, moti zinkathetheka zikadali zatsopano. Ogula anali anthu osauka, olizira pa magalamafoni a singano zobuntha, mpaka mbale kuyera mbuu. Chuma cha America chitagwa, Paramount inasiya kujambula mu 1932, ndipo zikombole zambiri zoumbira mbalezo zinatayika.

Mvetserani zotsatira zake. Son House anajambula nyimbo zake mu 1930, koma mbale yake imodzi inasowa kotheratu, anthu n'kumangoidziwa dzina m'mabuku a kampani. Inapezeka mu 2005, patapita zaka 75. Mnzake Willie Brown ali ndi mbale ina imene mpaka lero ikufunidwabe. Ndipo mbale zambiri zimene zinapulumuka sizinapulumukire m'maofesi. Zinapezeka m'nyumba za anthu wamba, chifukwa anthu ngati Gayle Dean Wardlow ankayenda khomo ndi khomo ku Mississippi m'zaka za m'ma 1960, kufunsa amayi achikulire ngati anasungako mbale zakale. Amayi amenewo akadasesa n'kukataya kudzala, bwenzi mawu a oimba ena atapita nawo kumanda.

Ine nkhaniyi imandikhudza chifukwa ndi yathu yomwe. Kuno nakonso tinali ndi oimba a gitala ndi banjo oimba za umphawi, za umasiye, za ulendo ndi za chikondi chosweka. Tinali ndi kaimbidwe ka hauyani, kogoneka gitala pamiyendo n'kumatsetsereza botolo pa nsambo, komwe Ndiche Mwalale anatchuka nako, ndipo ku Mississippi oimba blues ankatsetserezanso khosi la botolo chimodzimodzi. Gerhard Kubik, katswiri wa ku Austria amene anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka mu 1967, anadzalemba buku lonse la ubale wa Africa ndi blues, lomwe linatuluka mu 1999. Ndipo aliyense amene anamvapo mawu a Allan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo, akutsagana ndi Chimvu River Jazz Band, safunika kumuuza kuti blues n'chiyani. Mbale za oimba athu akale, za a Paseli, za Thailo ndi Kapiye, ngakhalenso zimene kampani ya Nzeru inatulutsa dziko litalandira ufulu, sizinaumbidwe zochuluka ngati za oimba otchuka a kunja. N'kutheka ndithu kuti mbale ina imene ili m'thiranki la agogo anu yatsala yokha. Choncho musaitaye, ndipo musailize musanaiyang'ane.

Tafika pa ntchito ija tsopano. Ngati mbale muli nayo pafupi, sambani m'manja, mupukute, muitenge. Igwireni m'mphepete ndi pakati pomwe pali kapepala. Zala zisakhudze timizere, chifukwa mafuta a m'manja amagwira fumbi.

Choyamba dziwani mtundu wake, popeza apa ndi pamene mbale zambiri zimafera. Mbale ya galamafoni yopukusa ndi yolemera, youma gwa, yosapindika, ndipo ikagwa pansi imasweka. Inapangidwa ndi shelaki, utomoni wochokera ku tizilombo tina ta m'mitengo ya ku India ndi Thailand, wosakaniza ndi ufa wa miyala. Imazungulira mothamanga, ndipo anthu amaitchula ndi nambala ya liwiro lakelo, 78. Mitundu ina iwiri ndi ya pulasitiki yotchedwa vinyl, yopepuka, yofewa pang'ono mukaipinda. Yaikulu, ya nyimbo zingapo mbali imodzi, inayamba mu 1948, ndipo pa gumbagumba mumaitchera pa 33. Yaing'ono ija inatsatira chaka chotsatira, ndipo mumaitchera pa 45. Kuno ku Africa mbale za shelaki zinapitirira kuumbidwa mpaka m'zaka za m'ma 1960, ndiye musadabwe kupeza mitundu yonse itatu m'thiranki limodzi.

Chifukwa chake ndikulimbikira pamenepa ndi ichi. Timizere ta mbale ya vinyl ndi tating'ono kwambiri, ndipo timafuna singano yopyapyala, yopepuka. Mutu wa galamafoni yopukusa ndi wolemera, singano yake ndi yachitsulo. Mukaika mbale ya vinyl pa galamafoni yotero, singanoyo imalima timizere tonse ulendo umodzi wokha, ndipo nyimbo imene yakhala zaka makumi asanu ikudikira imatha m'mphindi zitatu. Ngakhale pa mbale ya shelaki, singano yachitsulo inapangidwa kuti iimbe mbali imodzi n'kutayidwa. N'chifukwa chake zinkagulitsidwa zambirimbiri m'kachitini. Makolo athu, posowa kogula zina, ankanola yomweyo pamwala, ndipo sitingawadzudzule, koma mbale zawo zinavutika nazo. Lero musayese n'komwe kuika msomali, munga kapena singano yosokera.

Pali mtundu wachinayi wosowa, umene ndikupempha kuti muusamale koposa. Mukasuzumira pa kabowo ka pakati n'kuona chitsulo choyera m'kati, kapena mukaona kuti chikopa chakuda cha pamwamba chikusenda, imeneyo si mbale ya m'sitolo. Ndi mbale yojambulidwa imodzi yokha, ngati zimene nyumba zoulutsa mawu zinkagwiritsa ntchito kale. Imeneyo musaitsuke, musailize. Ikulungeni bwino, mufunse akatswiri, monga a ku National Archives ku Zomba.

Mwadziwa mtundu, tsopano tulukani nayo panja, pamthunzi powala bwino, osati padzuwa. Ipendeketseni pang'onopang'ono kuti kuwala kuyende pa timizere. Mbale yosatha imanyezimira, yakuda bii. Mbale yotha imaoneka yotuwa, makamaka pamene nyimbo imakwera mawu, popeza pamenepo ndi pamene singano imagunda kwambiri makoma a kamzere. Kutuwa kwa fumbi kumachoka mukatsuka. Kutuwa kwa kutha sikuchoka, ndipo palibe mankhwala ake.

Kenaka funani zokala. Si chokala chilichonse chimene chimamveka. Zina ndi zapamwamba chabe, zobwera ndi kukhuzana ndi pepala. Yendetsani nsonga ya chala mopepuka podutsa chokalacho. Ngati simukumva kanthu, khutu nalonso mwina silidzamva. Ngati chikhadabo chikukodwa, dziwani kuti singano idzagunda pamenepo ulendo uliwonse mbale ikazungulira, kuti tha, tha, tha. Choopsa kwambiri ndi chokala chotsata njira ya kamzere, chifukwa chimenecho chimalumphitsa singano, kapena kuibwezera pamodzimodzi mpaka woimba kumangobwereza liwu limodzi.

Pa mbale ya shelaki yang'anitsitsani ming'alu. Ina ndi yopyapyala ngati tsitsi, yoyambira m'mphepete kulowa m'kati, kapena yochokera pa kabowo. Mukauona mbali zonse ziwiri pamalo amodzi, ndiye kuti wadutsa, ndipo mbaleyo ikhoza kugawanika m'manja mwanu. Onaninso ngati m'mphepete mwabenthuka. Kubenthuka kosafika pa timizere sikuononga nyimbo. Kofika pa timizere kwadya chiyambi cha nyimbo.

Pa mbale ya vinyl mdani wamkulu ndi kutentha. Igonekeni pa tebulo losalala, muwerame muyang'ane cha m'mbali. Ngati mbali ina yatukuka, yapindika. Kupindika pang'ono singano imakwera n'kutsika bwinobwino. Kupindika kwa mafundemafunde m'mphepete kumatanthauza kuti inapsa ndi dzuwa, ndipo timizere tomwe tinakwinyika. Ena adzakuuzani kuti muiike pakati pa magalasi awiri padzuwa kuti iwongoke. Ine ndikuti ayi. Ndi dzuwa la Okutobala la kuno, mudzaipeza itaipiratu.

Musaiwale kabowo. Ngati kakula kapena kang'ambika, mbale imazungulira mopendama, ndipo mawu a woimba amakwera n'kutsika ngati akulira.

Tsopano werengani kapepala ka pakati, ndipo apa musafulumire. Pamenepo pali dzina la woimba, dzina la nyimbo, kampani, nambala ya mbale, ndipo pa mbale zambiri za kummwera analembaponso chiyankhulo, mwina Nyanja, Tumbuka, Yao kapena Tonga. Mukaona mawu amenewo pa mbale ya shelaki, mtima wanu ugunde, chifukwa mwagwira chinthu cha kwathu. Pakati pa kapepalako ndi kamzere komaliza pali malo osalala, ndipo mukapendeketsa muona timanambala tozokotedwa. Timeneto ndi nambala ya chikombole chimene mbaleyo inaumbidwira. Odziwa amatigwiritsa ntchito pofufuza nthawi imene nyimbo inajambulidwa, ndiponso posiyanitsa mbale yoyamba ndi yobwereza. Nyimbo za Robert Johnson, mwachitsanzo, zinajambulidwa mu 1936 ndi 1937 n'kutuluka pa shelaki. Mukazipeza pa chimbale chachikulu cha vinyl, dziwani kuti n'chobwereza cha zaka za pambuyo pake. Nyimbo ndi zomwezo, kukoma ndi komweko, koma mtengo ndi wosiyana kutalitali. Ngati kapepala kadyedwa ndi mphemvu kapena chiswe, timanambala tija ndi timene tingakuuzeni kuti woimbayo anali yani. Ndipo ngati agogo analembapo dzina lawo ndi cholembera, musafufute. Wogula wa kunja amati dzinalo latsitsa mtengo, koma kwa inu ndi umboni wa amene anainyamula kuchokera ku Joni.

Maso akamaliza ndiye khutu lilowepo, pa makina oyenera, a singano yabwino, mbale itatsukidwa. Funso ndi limodzi: kodi nyimbo ili pamwamba pa phokoso, kapena phokoso lili pamwamba pa nyimbo? Mbale ya shelaki imakhala ndi kaphokoso kake ngakhale ili yabwino, musadandaule nako. Chodandaulitsa ndi mawu osasa, ophwanyika, pamene woimba wakweza.

Inu alimi a fodya, ntchito imene tachitayi si yachilendo kwa inu. Mukamasankha fodya mumatenga tsamba limodzilimodzi, kuona mtundu, kutalika, mawanga ndi kung'ambika, n'kuliika pa giredi yake. Ndipo mukudziwa zimene zimachitika ku msika wa fodya wa Chinkhoma belo likapezeka kuti pamwamba pali wabwino koma m'kati mwabisidwa woipa: limabwezedwa, ndipo dzina la mwini wake limaipa. Osonkhanitsa mbale nawonso ali ndi magiredi awo. Yooneka ngati yangotuluka m'sitolo amati Near Mint. Yogwiritsidwa ntchito koma yomveka bwino amati Very Good. Yotha, yathetheka, koma yoimba mpaka kumapeto osalumpha amati Good, ndipo dzinalo lisakunyengeni, ndi giredi yotsika. Yosweka kapena yolumpha amati Poor. Mbale ndi chikuto chake chilichonse chimalandira giredi yake. Mukakayika pakati pa magiredi awiri, sankhani yotsikayo, ndipo chilema chilichonse muchitchule.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuwerengera ndalama. Ndi zoona kuti mu 2013 mbale imodzi ya Paramount, ya woimba blues Tommy Johnson, inagulidwa pa madola opitirira 37,000. Koma inafika pamenepo chifukwa padziko lonse zinkadziwika ziwiri zokha. Mbale za Jim Reeves zinaumbidwa miyandamiyanda, ndipo ngakhale yanu ili yonyezimira, sidzakuguliraninso feteleza. Mtengo umabwera ndi zinthu zitatu pamodzi: kusowa kwake, kufunidwa kwake, ndi momwe yasungikira. Ndipo pano ndinene maganizo anga mosabisa. Giredi ndi ya msika. Mbale yotuwa, yokalika, ya woimba wa kwathu amene sanajambulidwenso kwina, ine ndimaiyesa yoposa chimbale chonyezimira chimene chili m'nyumba zikwizikwi. Wina akabwera kudzagula, musagulitse thiranki lonse pamtengo umodzi. Jambulani kapepala ka mbale iliyonse ndi foni, mbali zonse ziwiri, funsani kwa anthu angapo, ndipo ngati n'kotheka nyimboyo itepedwe kaye kuti itsale pakhomo.

Tisanatseke, za kutsuka ndi kusunga. Yambani ndi kuchotsa fumbi ndi kansalu kofewa kouma, mozungulira motsata timizere, osati modutsa. Ngati pali litsiro louma kapena nkhungu, tengani madzi oyera osefa bwino, ozizira, mudonthezemo dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira ziwiya. Madzi a pa mjigo ena amasiya mchere m'timizere, choncho a mvula osefa ndi abwinopo. Nyowetsani kansalu, pukutani mozungulira, tsukuluzani, ndipo kapepala ka pakati kasanyowe. Mbale ya shelaki musainyike m'madzi, ipukuteni msanga iume pamthunzi. Ndipo ichi muchigwire: sipiriti, kachasu kapena chilichonse chokhala ndi mowa chisayandikire mbale ya shelaki, chifukwa mowa umasungunula shelaki. Palafini, polishi wa nsapato ndi mafuta odzola nazonso ayi. Zimanyezimiritsa lero, mawa zagwira fumbi lonse la mwezi wa Ogasiti.

Posunga, ziimikeni chilili, zothinana pang'ono kuti zisatsamire. Musazisanjike, chifukwa za pansi zimasweka kapena kupindika. Zazikulu zikhale pazokha, zazing'ono pazokha. Iliyonse ikhale m'chikuto chake, ndipo ngati chinang'ambika, pepala loyera lopanda inki likwanira. Bokosilo lisakhale pansi pomwe chinyezi cha dzinja ndi chiswe zimafika, lisakhalenso m'mwamba pafupi ndi malata, kapena kukhitchini, kapena pafupi ndi balani yowotchera fodya. Chipinda chimene inu mumapezamo mpweya wabwino masana a chilimwe, mbale nayonso ikhala bwino momwemo.

Ndibwereze kotsiriza kwa amene mwatsegula wailesi mochedwa: mbale yakale musaitaye, ndipo musailize musanaiyang'ane.

Ntchito ya sabata ino nayi. Achinyamata, pitani kwa agogo kapena kwa amalume mukapemphe chilolezo chotsegula thiranki, musatsegule nokha. Mbale iliyonse imene mupeze, afunseni kuti anagula ndani, kuti, akugwira ntchito yanji, ndipo inalira pa ukwati wa yani. Mayankhowo muwalembe m'kope pamodzi ndi dzina la woimba ndi nambala ya mbale. Inunso akuluakulu, taganizirani usiku uno: pa nyimbo zonse zimene munavina muli achinyamata, ndi iti imene simunaimvenso pa wailesi iliyonse, ndipo mbale yake munaiona komaliza m'nyumba mwa yani?